Zithunzi zakale za m'bokosi la agogo: ndizitani?

Funso: "Zikomo bambo. Ndine mayi wa zaka 34, kwathu ndi ku Ntcheu koma ndimakhala ku Lilongwe. Mwezi wathawu tikulongosola katundu wa malemu agogo aamuna tinapeza bokosi lachitsulo, m'kati mwake muli zithunzi 40, zambiri zakuda ndi zoyera. Zina zamatana, zina chiswe chinadya m'mbali. Pali china cha mayi wachikulire atavala chilundu ndi mikanda ali pamtondo. China ndi cha agogo aamunawo atavala suti ndi chipewa, kumbuyo kwake kuli chidindo cha ku Johannesburg. China ndi cha agogo aakazi ali m'gulu la amayi ovala nsalu ya nkhope ya Kamuzu. Palinso cha amuna asanu, koma mutu wa mmodzi unadulidwa ndi lumo. Ndimafuna ndikazimatitse pulasitiki, ndiziike mitundu pa foni, kenako pa 6 Julaye ndiziike pa Facebook kuti anthu aone chovala chathu chenicheni. Koma amalume akuti cha Kamuzucho ndi chodulidwa mutucho tiwotche chifukwa zingatibweretsere mawu. Mng'ono wawo wa agogo aakazi akadali moyo kumudzi, koma akalamba kwambiri. Ndingadziwe bwanji zaka za zithunzizi, nanga ndizisunge bwanji?"

Yankho: Zikomo mayi, ndipo pepani ndi maliro a agogo. Mtima ukhale m'malo, palibe chimene mwalakwitsa. Mwachita bwino kufunsa musanapite kwa omata pulasitiki, chifukwa pa zaka zonse zimene ndakhala ndikugwira zithunzi ndi makalata akale, zambiri zimene ndinazipeza zitawonongekeratu sizinawonongedwe ndi chiswe. Anaziwononga ndi eni ake, pofuna kuzisamala. Zithunzi 40 za banja limodzi la kumudzi ndi chuma. Mabanja ambiri alibe ngakhale chimodzi cha nthawi ya Nyasaland.

Koma ndiyambe ndi mawu amene mwawaika kumapeto ngati osafunika, akuti agogo aang'ono akadali moyo. Nkhani yonse yagona pamenepo. Pepala likhoza kudikira chaka china m'bokosimo, monga ladikirira zaka zonsezi. Agogowo sangadikire. Ine ndikhoza kukuuzani kuti chithunzi chakuti chinajambulidwa cha m'ma 1950, koma sindingakuuzeni kuti mayi ali pamtondoyo ndani, mfunda wake ndi chiyani, anakwatiwa kuti, anabereka yani. Zimenezo zili m'mutu mwa munthu mmodzi yekha. Ndikunena izi ndi chisoni, chifukwa zinandichitikira. Panali mkulu wina ku Chiradzulu amene ndinamulonjeza kuti ndidzabweranso ndi zithunzi za kwawo mvula ikatha. Mvula inatha, ine ndinatanganidwa, ndipo pamene ndimakafika ndinapeza atamanga kale chiliza. Zithunzi zake ndili nazo mpaka lero, nkhope zowala bwino, koma palibe dzina ndi limodzi lomwe.

Tsono musanachite china chilichonse, jambulani zithunzizo ndi foni, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Chitirani pakhonde pamene pali kuwala koma dzuwa silikuwomba, muzimitse getsi la foni, ndipo foni ikhale yolunjika pamwamba pa chithunzi. Mukasindikize makope akuluakulu, chifukwa maso a agogo sangaone nkhope pa kapepala kang'ono ngati bokosi la machesi. Makopewo ndi amene mupite nawo kumudzi, zenizenizo zitsale.

Tibwere ku zaka. Yambani ndi kumbuyo. Chidindo kapena malemba amene akuti Nyasaland akutanthauza kuti ufulu wa pa 6 Julaye 1964 unali usanafike. Mayina a malo nawonso amaulula: Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji, Fort Hill ndi Chitipa, ndipo kwanuko azungu ankalemba Ncheu, monga ankalembera Cholo ndi Mlanje. Salisbury anasanduka Harare mu 1982. Mukaona mtengo wolembedwa m'mashilingi ndi makobiri, dziwani kuti kwacha ndi tambala zinali zisanabwere, pakuti zinayamba mu 1971. Pa chithunzi cha ku Johannesburg chija yang'anani bwino, chifukwa ku South Africa randi inayamba mu 1961. Ngati wojambulayo analemba mtengo m'mashilingi, agogo anu anali ku Joni chakacho chisanakwane. Mufunsenso agogo aang'ono ngati anapita pa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, kapena pa selufu, ndiye kuti paokha. Ulendo wa Wenela Kamuzu anauimitsa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankachokera ku migodi, ndipo mabanja ambiri amawerengera maulendo a makolo awo kuchokera pa ngozi imeneyo.

Pepala lenilenilo limathandizanso pang'ono. Tizithunzi ting'onoting'ono ta m'mphepete mwa manomano tinali tofala kuyambira m'ma 1940 mpaka m'ma 1960, pomwe zamitundu zimene zafiira ngati dothi la katondo kawirikawiri ndi za m'ma 1970 ndi 1980. Kavalidwe ka amayi nako ndi umboni. Lamulo la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi osafika m'mawondo, ndipo linachotsedwa mu 1993. Choncho mayi wovala thalauza pamsewu, ngati chithunzicho ndi cha pakati pa zaka zimenezi, mwina anajambulidwira ku Lusaka kapena ku Salisbury osati kuno.

Komabe wotchi yabwino koposa pa chithunzi ndi mwana. Mufunse agogo kuti, "Kamwana kali kumsanaka ndi ndani?" Akakuuzani kuti ndi amalume anu, ndipo inu mukudziwa chaka chimene amalumewo anabadwa, mwapeza kale chaka. Musawafunse agogo kuti chinali chaka chanji, mudzangowavutitsa. Akuluakulu amawerenga nthawi ndi zochitika. Funsani ngati njala ya 1949 inali itadutsa. Funsani ngati Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinali chitayamba, ndiye kuti 1953, chaka chomwe atsamunda anachotsa Inkosi Gomani II pampando chifukwa chokana Chitaganyacho ndi malamulo a malimidwe. Munthu wa ku Ntcheu wa msinkhu wawo nkhani imeneyo anaimva ali mwana, ngakhale asadziwe nambala ya chaka. Funsani ngati Kamuzu anali atatera kale pa Chileka, zomwe zinachitika pa 6 Julaye 1958. Polemba, musachite manyazi kuika mawu akuti "cha m'ma". Kulemba chaka chongopeka ngati chotsimikizika n'kusocheretsa adzukulu anu.

Tsopano za chovala chathu chenicheni. Apa ndikupemphani kuti mufatse, chifukwa mawu amenewa ndimawaona chaka chilichonse pansi pa zithunzi ndipo amandidetsa nkhawa. Makolo athu akale ankavala nyanda, yomwe ena amati chiwondo, yosula kuchokera ku khungwa la mitengo monga mombo, komanso zikopa zofufuta. Amuna ankamanga thewera, mawu amene lero tinawasiyira makanda. Kuchigwa cha Shire Amang'anja ankalima thonje n'kuwomba nsalu zawozawo, ndipo David Livingstone anawapeza akuchita zimenezi mu 1859. Kenako amalonda anabweretsa nsalu za merikani ndi biriwita, ndipo amayi anazitenga n'kumazimanga chilundu, kuyambira pachifuwa kutsika. Chitenje chamaluwa chimene timachinyadira lero chinabwera pambuyo, chochokera kumafakitale, ndipo zambiri za nthawi ya amayi anu zinkadindidwa ku David Whitehead ku Blantyre. Kwanu ku Ntcheu kulinso nyoni, zibiya ndi chishango za Angoni, zimene ndi zovala za ngoma ndi miyambo, osati zolimira. Kunyanja mupeza mkanjo ndi chisoti. Ndiye chenicheni ndi chiti? Chilichonse mwa izi chinali chenicheni pa nthawi yake ndi pamalo pake. Chilundu cha mayi wa pamtondo ndi chathu, koma nsaluyo inagulidwa m'sitolo, mwina ya Mmwenye, mwinanso ndi ndalama zochokera ku Joni komwe kuja.

Ndiye suti ya agogo aamuna musaipeputse ngati yachilendo. Tayang'anani zithunzi za John Chilembwe. Iye ndi banja lake ku Mbombwe ankajambulitsa atavala bwino kwambiri, mwadala, pofuna kuonetsa kuti munthu wakuda si wochepa kwa wina aliyense. Pa nthawiyo Mwafirika ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu. Pali chithunzi cha 1914 chimene Chilembwe waima ndi mmishonale John Chorley chipewa chili kumutu, ndipo chithunzi chimenecho ndi chomwe Samson Kambalu anatengera chosema chake chimene chinaikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Agogo anu polowa m'nyumba yojambulira ku Johannesburg, atachoka pansi pa mgodi, anasankha okha mmene afunira kuti akumudzi awaone. Sutiyo mwina inali yawo, mwina yobwereka kwa wojambula, pakuti ojambula ambiri ankasunga majekete, zipewa ndi mawayilesi oti makasitomala agwire. Chithunzi chotere chinali kalata yopita kwa mkazi ndi kwa apongozi yonena kuti ndili moyo, sindinatchone, ndikubwera.

Koma chimene chandikoka mtima kwambiri ndi cha pamtondo. Filimu inali yodula, ndipo anthu sankaitayira pa ntchito za tsiku ndi tsiku. Ankajambulitsa paukwati, paubatizo, pomaliza sukulu. Chifukwa chake zithunzi za munthu akusinja, akupeta, akuumba mbiya kapena akufolera nyumba ndi zosowa, ndipo zambiri zimene zilipo anajambula ndi azungu, amene nthawi zina ankamuimika munthu momwe iwo afunira, osalemba ngakhale dzina lake. Chanucho chinasungidwa m'banja, kutanthauza kuti mayiyo ndi wanu. Wojambulayo ayenera kuti anali munthu wokhala ndi kamera yakeyake, kaya mphunzitsi, kaya mlangizi, kaya agogo anu omwe atabwera nayo kuchokera ku Joni. Chikulitseni pa foni muone zonse: kasemedwe ka mtondo ndi munsi, lichero, nkhokwe kumbuyoko, kafoleredwe ka denga, mikanda ya m'khosi, zigwinjiri, mphini kumaso ngati zilipo. Mufunse agogo dzina la chinthu chilichonse m'chinenero chawo, chifukwa mawu ena amafa pamodzi ndi chinthucho.

Nanga za amalume? Musakangane nawo, ndipo musawaseke. Iwo ndi eni mbumba, komanso mantha awo ali ndi gwero. Anakula pa nthawi imene chithunzi chinkatha kumangitsa munthu. Nduna zitasemphana ndi Kamuzu mu 1964, mayina a Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume, Yatuta Chisiza ndi Rose Chibambo anasanduka oopsa kuwatchula, ndipo kupezeka pa chithunzi chimodzi ndi munthu wotchedwa chigawenga kunali kudziitanira ndende ya Mikuyu kapena ya Dzaleka. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967 ndipo ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Mabanja ena anawotcha zithunzi, ena anangodula mutu wa munthu mmodziyo n'kusunga otsalawo. Mayi Chibambo omwewo lero ali pa K200 imene mumagulira tomato. Nthawi ija inapita, ndipo palibe amene angakumangeni chifukwa cha chithunzi cha agogo.

Komabe musathamangire kunena kuti wodulidwayo anali wandale. Ndaonapo mitu yodulidwa chifukwa ukwati unatha moipa. Ndaonapo yodulidwa chifukwa munthuyo ankafuna kachithunzi koika pa chitupa ndipo analibe ndalama yojambulitsira kena. Enanso ankaopa kuti nkhope ya malemu ingagwiritsidwe ntchito zamankhwala. Lumolo nalonso ndi mbiri, choncho chithunzicho chisungeni momwe chilili. Amalume muwapemphe mwaulemu kuti zonse zisungidwe m'banja, ndipo mulonjeze kuti zomwe iwo sakufuna kuti zituluke sizituluka. Nthawi zambiri munthu amene akuti wotchani ndi amene akudziwa dzina la wodulidwayo. Mukawafatsira, tsiku lina adzakuuzani okha.

Cha nsalu ya Kamuzu nachonso chisawotchedwe. Amayi ambirimbiri a m'badwo umenewo anavala nsalu imeneyo n'kuvina pamaso pa amene ankadzitcha Nkhoswe Nambala Wani. Ena ankavina ndi mtima wonse, pokumbukira kuti thangata ndi Chitaganya zinatha, ndipo mpaka lero amaikumbukira nthawiyo mokondwa. Ena ankakwera lole akulira, atasiya mwana wodwala ndi munda wosapalira, chifukwa kukana kunali kudziputira a Youth League pakhomo. Ambiri anali ndi zonse ziwiri mumtima umodzi. Nsalu siinena zomwe zinali mumtima mwa woivala, ndipo inu simungadziwe kuti agogo anu anali mbali iti pongoyang'ana kumwetulira kwawo. Mng'ono wawoyo akudziwa. Mwinanso ali pa chithunzi chomwecho. Muwafunse kuti nsaluyo ankagula ndani, ankakonzekera masiku angati, ankagona kuti, ankadya chiyani, ana ankatsala ndi yani. Mayankho ake simungawapeze m'buku la sukulu.

Za kasungidwe ndinena mwachidule. Pulasitiki yomatira ndi moto ija ayi, chifukwa kutentha ndi guluu wake zimalowa m'chithunzi ndipo sizimatukanso. Selotepi ayi, guluu ayi, mapini ayi. Kumbuyo musalembe ndi bolopeni, inki imadutsa. Lembani ndi pensulo yofewa, m'mphepete, osasindikiza. Gwirani m'mbali ndi manja osamba ndi ouma. Pakati pa chithunzi ndi chinzake ikani pepala loyera losalembedwa, osati nyuzipepala. Bokosi likhale pamalo ouma, pa shelefu, kutali ndi simenti, kutali ndi malata ndi khoma lonyowa, ndipo muzilitsegula nyengo ya mvula kuona ngati mphemvu kapena nkhungu zalowa. Chokoloweka pabalaza chikhale kope. Zamatanazo musazikoke ndipo musaziviike m'madzi, zisiyeni choncho. Mukapeza mpata mukazijambulitse pa sikana, muwauze kuti aike pa 600 dpi, ndipo mukhale pomwepo mpaka akubwezereni. Makope a pa kompyuta musunge malo angapo, kuphatikizapo kwa m'bale wina. Potumizirana pa WhatsApp tumizani ngati dokyumenti, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi wamba chimachepetsedwa n'kutaya tizinthu ting'onoting'ono tija.

Zoika mitundu pa foni sindikuletsani kuseweretsa pa kope, koma dziwani chimene makinawo amachita. Sadziwa mtundu wa nsalu ya agogo, amangolota. Ndaonapo biriwita itasanduka yofiirira, mikanda yonse itakhala mtundu umodzi, ndipo choipitsitsa, mphini za kumaso zitafufutidwa chifukwa makina anaziyesa zokalika za papepala. Mapulogalamu okonza nkhope amafika posintha maso ndi mphuno, mpaka munthu amatuluka wokongola koma wosakhala agogo anu. Mukaika chamitundu, nenani kuti mitunduyo ndi yowonjezera, ndipo choyambiriracho chikhale pambali pake.

Kuika pa Facebook pa 6 Julaye ndi maganizo abwino, ndipo ndimakondwa achinyamata akamakumbukira dziko lawo ndi nkhope za makolo awo m'malo mwa za atsogoleri okha. Ufulu sunabwere ndi amene nkhope zawo zili pa ndalama okha. Amene anawomberedwa pa doko la Nkhata Bay pa 3 Malichi 1959 anali anthu wamba ngati a m'bokosi mwanumo. Koma chithunzi chikangolowa pa intaneti sichikhalanso chanu. Anthu amachikopera, n'kuchipatsa mawu awoawo. Ndaonapo chithunzi cha dziko lina chikuzungulira ndi mawu akuti ndi Blantyre wakale, anthu n'kumachigawana mosangalala. Choncho lembani dzina, mudzi, chaka choyerekeza ndi dzina la banja lanu pa kope lenilenilo, m'munsi mwake, kuti ziziyendera limodzi. Pemphani chilolezo kwa amene ali moyo ndi kwa ana a amene anamwalira. Ngati pali cha mayi wosavala pachifuwa, cha chinamwali, kapena chokhudza zinsinsi za dambwe, chimenecho chikhale cha m'nyumba. Pa nthawi yake sichinali chamanyazi, koma ndemanga za anthu a lero zikhoza kunyazitsa munthu amene sangadziyankhire. Cha nsalu ya Kamuzu chija, mukachiika, yembekezerani kuti ena adzachikokera ku ndale za lero. Ngati mtima wanu kapena wa amalume sungapirire zimenezo, chidikire.

Pali pamene muyenera kufuna thandizo. Zithunzi zomatana, zomera nkhungu kapena zoyamba kusupuka zikufunika manja a munthu wodziwa. Mukapezamo mafilimu akuda aja, makamaka akamanunkha ngati viniga, apatuleni msanga chifukwa akuwola ndipo awononga anzawo. Mukhoza kufunsa ku National Archives ku Zomba, kumene kumasungidwa zolemba za dziko lino, ku nyumba yosungira zakale ya Chichiri, kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre, komwe kuli zithunzi zakale zambiri zoti mufananitse ndi zanu. Pa nkhani ya zovala ndi miyambo ya Angoni, Achewa ndi Ayao, ku Kungoni pa Mua sikutali ndi kwanu. Ngati pa amuna asanu aja pali wovala yunifolomu ya usilikali wa King's African Rifles, nenani zimenezo pofunsa, chifukwa Amalawi ambiri anakamenya nkhondo mpaka ku Burma ndipo nambala ya msilikali imatha kutsogolera ku zolemba zina. Kulikonse kumene mungapite, zithunzi zenizeni musasiye popanda kalata yosainirana yonena kuti ndi zingati ndipo zibwerera liti. Munthu akabwera ndi ndalama kuti azigule, musayankhe nokha, itanani banja.

Ulendo wa kumudzi ndiye usapitirire mwezi uno. Tengani makope aja, kabuku, pensulo, foni yodzaza moto, shuga, mchere ndi chitenje chatsopano cha agogo. Mukhale nawo m'mawa, pamphasa, asanatope, ndipo pakhale anthu ochepa, chifukwa pagulu okalamba amasiyira ena kulankhula. Apempheni kuti mujambule mawu awo. Muwapatse chithunzi chimodzi, mudikire, musawadule ngakhale atapatukira ku nkhani ina, pakuti kopatukirako ndi kumene kumatuluka mayina. Akalira, asiyeni alire, mudzapitirize mawa. Cha Kamuzu ndi chodulidwa mutu zikhale za tsiku lachiwiri. Tsiku loyamba yambani ndi mayi wa pamtondo, mungofunsa kuti, "Agogo, awa ndi ndani?" Mukabwerako mundilembere dzina lawo.